Nyumba ili pa lintala, amayi akufooka: ndibwerere kapena ndipirire ku Joni?

Wa_ku_Nsipe analemba:

Abale anga, ndithandizeni nzeru, nkhaniyi yandisowetsa tulo.

Ndine bambo wa zaka 44, kwathu ndi ku Ntcheu, mbali ya Nsipe. Kuno ku Johannesburg ndinabwera mu 2016, ndipo ntchito yanga ndi yoika matailosi. Ndimagona m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ya munthu ku Cosmo City. Ndimadzuka kusanache kuti galimoto ya abwana isandisiye pamsewu, pobwerera kumakhala kutada. Sikuti ndikudandaula ayi. Ntchito imeneyi yaphunzitsa ana anga, yagula feteleza chaka ndi chaka, yandiguliranso poloti pa boma pa Ntcheu pomwe ndikumanga nyumba ya zipinda zogona zitatu. Nyumbayo yafika pa lintala. Kwatsala denga, pulasitala, zitseko ndi mawindo. Mmene ndawerengeramu, Mulungu akandisunga osadwala, zaka ziwiri zikwana.

Tsono vuto langa ndi amayi. Ali ndi zaka 76, amadwala BP ndi shuga, ndipo chaka chino afooka zedi. Mwezi wathawu anagwa usiku pochokera kuchimbudzi, anakhala pansi pomwepo mpaka mlongo wanga atamva kubuula n'kukawadzutsa. Pa foni mawu awo ndi amodzimodzi: "Ndili bwino bambo, inu gwirani ntchito." Koma ndikaimba pa vidiyo maso anga amaona okha. Bulauzi imene ndinawatumizira chaka chatha ikuwakhwepa m'mapewa, ndipo akamalankhula amaima pakati pa nkhani kuti apume. Sabata yatha anandifunsa funso limene sanandifunsepo chichokereni: "Kodi chimanga cha chaka chino mudzadya nafe?" Ndinangoti tiona amayi. Nditadula foniyo ndinakhala pabedi osavula nsapato mpaka pakati pa usiku.

Wina anena kuti ingopita ukawaone ubwereko. Zikanakhala zophweka choncho bwenzi nditapita kale. Masiku anga a pa pasipoti anatha nthawi ya Covid ija, malire atatsekedwa mu Malichi 2020, ndipo kuchokera pamenepo sindinatulukenso. Amene muli kuno lamulo lake mukulidziwa: ukapyoza masiku oposa 30 pa nthawi imene anakupatsa, potuluka pa Beitbridge amakudinda kuti usalowenso kwa zaka zisanu. Ndiye kwa ine kupita ndi kupitiratu. Zowoloka Limpopo usiku n'kumathamanga m'tchire, pa msinkhu wangawu sindingachite.

Kumeneko kulinso ana. Woyamba, wamkazi, ali Fomu 3, chaka chamawa alemba MSCE. Wotsiriza ndinamusiya akukwawa, lero akupita kusukulu. Amayi ake akamupatsa foni amandipatsa moni waulemu kwambiri, "muli bwanji adadi, ife tili bwino", n'kuibweza msangamsanga. Mkazi wanga akuti zonse zili kwa ine. Koma ndakhala naye zaka zambiri, akayankha motero ndiye kuti watopa. Iye ndi ana akukhala nyumba ya lendi pa bomapo, amayi ali kumudzi ndi mlongo wanga.

Ndikabwerera lero, ndikukafikira nyumba yopanda denga, fizi ya mwana, mankhwala a amayi amene nthawi zina timachita kugula ku famase, ndi pakamwa pa anthu: "Joni yonse ija wabwerako ndi chiyani?" Ndikakhala, mwina ndidzamaliza nyumba imene amayi sadzapondamo. Chondiwawa kwenikweni n'chakuti chipinda chimodzi ndinachikonzera iwowo, chokhala ndi chimbudzi cham'kati, kuti zotuluka panja usiku zithe.

Amene munadutsamo m'zotere, munatani? Musandinyengerere chonde.

Wa_Bellville anayankha:

Achimwene, pepani ndi matenda a amayi. Poti mwanena nokha kuti tisakunyengerereni, ine ndinena mosapsatira: musagamule nkhani yaikulu chonchi usiku mutangodula foni.

Ine ndili ku Cape Town, ndimayendetsa galimoto yonyamula katundu. Ndaona anzathu ambiri akukwera basi ndi mtima wachisoni, miyezi isanu ndi umodzi isanathe akuimba foni kupempha ya thiransipoti yobwerera. Mukukumbukira mabasi amene boma linatumiza mu 2015 anthu atathamangitsidwa ku Durban? Angati mwa amene anakwera aja anakhazikika kumudzi? Amene ndikuwadziwa ine ambiri tili nawo konkuno.

Taonani mmene kwacha yachitira. Inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Simenti, malata, feteleza, zonse zimathamangira komweko. Inu mukutha kumanga chifukwa mukulandira ma rand. Tsiku limene mudzayambe kulandira makwacha, denga limene mukuti latsalalo lidzakutengerani zaka zinayi. Nanga mwana wa MSCE uja akakhoza bwino n'kusankhidwa, mudzamuuza chiyani?

Amayi odwala shuga amafuna mankhwala osadukiza, ndiwo zabwino, ndi galimoto yowathamangitsira kuchipatala zikavuta usiku. Zonsezo ndi ndalama. Mwana wokhala pakhonde alibe kanthu m'thumba amangoonerera nawo, mtima n'kumamuwawa kuposa mmene ukukuwawirani panopa.

Ine ndikanakhala inu ndikanachita izi: mwezi uno imitsani za nyumba, tumizani ndalama akumbe chimbudzi pafupi ndi khomo la amayi, agule nyale ya sola, mupeze mayi wina wa m'mudzi momwemo muzimulipira pamwezi azithandiza. Kenako limbikirani mpaka mukhome malata. Mukatero pitani mutu uli m'mwamba.

NaNgozo_Chirimba anayankha:

Alongo anga a ku Nsipe, ndawerenga kawiri zimene mwalembazi. Mwatchula amayi, mwatchula akazi anu, ana, nyumba, ngakhale anthu a m'mudzi amene adzakusekeni. Mlongo wanu mwamutchula ali m'kati mogwira ntchito, akudzutsa amayi pansi usiku, koma simunatiuze kuti iyeyo akuti chiyani. Mwamufunsa?

Ndikufunsa chifukwa ine ndinali mlongo woteroyo. Amayi athu anagwidwa ndi sitiroko, mbali ya kumanja yonse inafa. Alongo anga awiri anali ku Joni. Sindingawanenere zoipa, ndalama ankatumiza pa Mukuru tsiku lomwelo ndikangoimba, ndipo popanda iwo sitikanakwanitsa. Koma ndikuuzeni chimene ndalama sinkachita. Sinkawatembenuza amayi usiku kuti asachite zilonda kumsana. Sinkachapa zofunda m'bandakucha anthu asanadzuke, kuti apanyumba oyandikana asaone. Sinkagona pansi pa bedi kuchipatala pa chitenje chimodzi, n'kudzuka kukalimbirana moto kukhitchini ya magadiyani kuti phala lipse msanga. Amayi ankalemera, ine ndine wochepa thupi. Powanyamula kupita nawo kubafa tinkagwa tonse awiri, iwo n'kumalira kuti akundizunza, ine n'kumawatonthoza pamene msana wanga ukuyaka moto. Geni yanga ya kaunjika inathera pomwepo.

A Bellville akuti lembani munthu. Ndi nzeru yabwino, chitani. Koma dziwani kuti mayi wachikulire wa kwathu kuno salola kusambitsidwa ndi mlendo. Wolembedwayo adzatunga madzi, adzasesa, adzaphika. Zinazo zidzagwerabe mlongo wanuyo. Ndipo pali zina zofuna inuyo mwini mbumba: kukhala pansi ndi adokotala n'kumva bwinobwino, kugamula kuti lero tikupita nawo kuchipatala ngakhale akukana, kuletsa achibale obwera ndi mankhwala a zitsamba n'kumawauza kuti asiye mapilitsi. Ine ndikaletsa ankati ndine mwana wamkazi wamwano. Mlongo wanga akanakhalapo akanangolankhula kamodzi.

Tsiku la maliro alongo angawo anatumiza ndalama ya bokosi lokongola, mudzi wonse unalankhula. Iwo mwambo anaonera pa WhatsApp, mwana wanga atanyamula foni m'mwamba kumanda, netiweki n'kumadukaduka. Wamkuluyo mpaka lero akaimba salankhula za amayi. Ndikangoyamba nkhani yawo amati "ndiimbanso", n'kudula.

Sindikukuuzani kuti nyamukani mawa. Ndikungokana kawerengedwe kanuko. Mwawerenga zaka ziwiri ngati kuti wina anakusainirani kuti amayi adzakhala chimodzimodzi mpaka mudzakhome chitseko chomaliza. Munthu wa BP ndi shuga amene wayamba kugwa, zake zimasintha tsiku limodzi. Athu anadya nsima madzulo bwinobwino, m'mawa sanathe kutchula dzina langa. Chakudza sichiimba ng'oma, alongo.

Muimbireni mlongo wanuyo pa nthawi imene amayi sali pafupi. Musamufunse kuti amayi ali bwanji. Mufunseni kuti iyeyo ali bwanji.

Wa_ku_Nsipe anayankha:

Achemwali a ku Chirimba, ndamuimbira dzulo ali kumjigo. Poyamba amangoti zonse zili bwino. Nditaumirira anakhala chete nthawi yaitali, kenako anayamba kufotokoza. Kudimba chaka chino sanapondeko. Tomato amene ankagulitsa pa Kampepuza anasiya. Amagona pamphasa pakhomo la chipinda cha amayi kuti akadzuka amve. Kugwa kumene ndinauzidwa ine kunali kwachitatu, kuwiri koyambako amayi anamuletsa kundiuza, ati mwana angasokonezeke pantchito. Mwamuna wake wayamba kudandaula kuti mkazi wake anakwatiwa ndi nyumba ya amake.

Pomaliza anandiuza kuti, "Achimwene, ine sindikukuitanani. Koma mukamamanga muzidziwa kuti ndatopa."

A Bellville, za chimbudzi ndi nyale ndatumiza kale ndalama lero m'mawa. Zikomo.

Nachisale_Leeds anayankha:

Achimwene, ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku England. Ndinabwera mu 2022, chaka chimene anatsegula viza ya ntchito imeneyi. Nanenso ndine womangika mwanjira yanga: kuti munthu adzapatsidwe chilolezo chokhazikika amayenera kusakhala kunja kwa dzikoli masiku oposa 180 pa miyezi 12 iliyonse, ndipo tikiti ya ndege yopita ku Lilongwe si yogula mwezi uliwonse. Anzathu amene anabwera kuyambira Malichi 2024 zawo zinavutirapo, saloledwa kubweretsa mwamuna kapena ana. Ndiye ululu wanu ndikuumva, sindikulankhula ngati woonerera.

Chimene ndikufuna kuwonjezera ndi ichi. Tonse tikamawerenga nthawi ya makolo timawerengera tsiku la imfa. Ntchito yangayi yandionetsa kuti nthawi imatha kale tsikulo lisanafike. Pali gogo wina amene ndimamusamalira. Nditangoyamba ntchito ankandifotokozera za fakitale ya nsalu imene ankagwirako ali mtsikana, ankandifunsa za kwathu, ankaseka. Lamlungu lililonse ankandiuza kuti ndimupese bwino, ndimuveke juzi yake yobiriwira, n'kukhala pampando woyang'ana pomwe magalimoto amaima. Mwana wake ndi munthu wabwino, amalipira zonse, maluwa amatumiza, koma ntchito inkamuchulukira. Chaka chino wapuma pantchito, tsopano amabwera kawirikawiri. Amakhala pambali pa amake atawagwira dzanja, iwo n'kumamufunsa mwaulemu kuti, "Kodi inu ndinu adokotala?" Gogoyo ali moyo, akudya, mwina akhala zaka zina zisanu. Koma amake amene mwanayo ankati adzacheza nawo akadzapeza mpata kulibenso.

Amayi anu lero akutha kukufunsani funso lolasa mtima ngati limene anakufunsanilo. Ndiye kuti nzeru zawo zili zonse. Angathe kukulozerani malire a munda, kukuuzani kuti agogo anu anachokera kuti, ndani ndi m'bale wanu weniweni, ngongole ya ndani sinabwezedwe. Angathe kukudzudzulani. Nyengo imeneyo ndi imene muyenera kuiwerengera, ndipo ndi yaifupi kuposa moyo wawo.

Pakali pano, uzani mlongo wanu zinthu zingapo. Munthu wa shuga akamwa mankhwala koma osadya mokwanira, shuga amatha kutsika kwambiri, n'kuchita chizungulire, thukuta ndi kunjenjemera. Mankhwala a BP nawonso amatha kuchititsa chizungulire munthu akadzuka mofulumira. Azikhala kaye tsonga pabedi kanthawi asanaimirire. Usiku pakhale ndowa m'chipinda momwemo, manyazi achepe. Aziwayang'ana kumapazi tsiku ndi tsiku, chifukwa kachilonda kakang'ono kwa wodwala shuga kamakula mwakachetechete, ndipo asamayende opanda nsapato. Koposa zonse, akapita kusikelo yawo ya shuga akanene kwa adokotala kuti agwa katatu, asabise. Mwina mlingo wa mankhwala ukufunika kuunikanso. Wokalamba akathyoka fupa la m'chiuno, ambiri sadzukanso bwinobwino.

Za kupita kapena kukhala sindingakusankhireni. Ine ndinangosintha kachitidwe: Januwale akangoyamba, chinthu choyamba kulemba ndi tchuthi changa ndi tikiti, zina zonse zimadya zotsala. Poloti yanga ku Area 49 ikadali ndi udzu chifukwa cha chimenecho, ndipo sindidandaula nazo.

Mphunzitsi_wopuma anayankha:

Mwanangu, ine ndine wa ku Dedza, cha ku Linthipe, ndili ndi zaka 69. Ndilembako motalika pang'ono, mundipirire.

Ulendo wa ku Joniwu sunayambe ndi inu. Bambo anga anapita ku migodi kudzera ku Wenela, imene pambuyo pake inkatchedwa Teba. Amene mumatsikira basi pa Wenela mu Blantyre, dzinalo linachokera kumeneko. Anthu ankanyamulidwa pa ndege mpaka ku Francistown m'dziko la Botswana, kuchoka apo pa sitima mpaka ku migodi. Moyo wake unali wowawa, sindikuuyamikira. Koma unali ndi chinthu chimodzi chimene ulendo wa masiku ano ulibe: tsiku lobwerera. Kontirakiti ikatha unkabwerera, ufune usafune, ndipo gawo la malipiro ako unkalilandirira kuno kumudzi. Bambo anabwera ndi njinga, wailesi, mabulangete ndi sutikesi yachitsulo. Amene ankapita paokha ku Salisbury (Harare wa lero), ku Bulawayo kapena ku Joni komweko, opanda wowauza kuti nthawi yakwana, ambiri ndi amene anasanduka matchona. Sikuti anali anthu oipa mtima. Aliyense ankati chaka chamawa. Amalume anga anapita ku Bulawayo ndisanabadwe, ankalemba makalata kuti akungofuna apeze ya ng'ombe ziwiri. Manda awo sitikuwadziwa.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka pa Francistown, Amalawi oposa 70 anafera pomwepo. Ndinali mnyamata wa kusekondale, ndikukumbukira mudzi wonse utazungulira wailesi. Kamuzu analetsa kulemba anthu a ku migodi chifukwa cha ngoziyo, ndipo panapita zaka zitatu asanayambirenso. Chimene sichichoka m'mutu mwanga n'chakuti anthu amenewo sanali opita, anali obwerera. Anali atamaliza, katundu atamanga, akazi awo atasinja kale ufa. Ndikunena izi chifukwa m'kalata yanu mwawerengera masiku a amayi okha. Anu mwawatenga ngati ndi otsimikizika. Muli ndi zaka 44, mumagwada pa simenti tsiku lonse, mumapuma fumbi la matailosi, mukukhala m'dziko la eni mapepala atatha. Salimo 90 limatipatsa zaka 70, kapena 80 tikakhala ndi mphamvu, koma Amalawi ambiri ngakhale 70 imeneyo sitiiona. Anzanga amene tinayamba nawo uphunzitsi, otsala ndingawawerenge ndi dzanja limodzi.

Tsono za nyumba. Ndinamangapo, ndikudziwa khalidwe lake. Mukakhoma malata idzafuna pulasitala. Mukapaka pulasitala idzafuna siling'i, kenako magetsi a ESCOM, kenako madzi, kenako mpanda poti akuba, kenako geti. Zaka ziwiri zanuzo zidzabala zina ziwiri, ndipo chaka chilichonse chifukwa chake chidzakhala chomveka. Nyumba siuza mwini wake kuti basi ndakwana. Mwini wake ndi amene amanena.

Tengani pepala. Mbali imodzi lembani zinthu zimene mungathe kuchita muli ndi zaka 50 kapena 55. Pulasitala alowa mmenemo, siling'i, mpanda, ngakhale galimoto. Mbali inayo lembani zimene zili ndi nyengo yake, zoti ikapita yapita. Amayi anu akadali ndi nzeru zawo. Mtsikana wa Fomu 3, amene pa zaka ziwiri zikubwerazi adzasankha njira ya moyo wake, ndipo anyamata a njinga zamoto ayamba kale kumuimitsa panjira, ine ndaphunzitsa zaka zambiri ndikudziwa. Kamnyamata kamene sikanakuzolowereni, kamene pakali pano mungathe kukanyamula paphewa koma posachedwa kadzayamba kuchita manyazi. Banja la mlongo wanu. Mukalemba muone mbali imene yalemera.

A Bellville sananame pa za ndalama, ndipo musawanyoze. Umphawi si chinthu chosewera nacho, ndauona ukupasula mabanja. Koma inu simukubwerera chimanjamanja ngati mmene ankabwerera ena. Muli ndi luso m'manja. Pitani ku Lilongwe muone mmene anthu akumangira ku Area 25, ku Area 49, ku Chitedze, kapena ku Blantyre cha ku Chileka ndi ku Mpemba. Nyumba zonsezo zikufuna matailosi, ndipo eni ake amadandaula za amisiri oika mokhota. Simudzapeza ngati za ku Joni. Mudzapeza zodyetsa banja, mukakhala wokhulupirika.

Ndipo chepetsani nyumbayo m'mutu mwanu. Malata wamba amatchinga mvula chimodzimodzi ndi a IBR. Malizani chipinda cha amayi ndi china chimodzi, mawindo enawo tsekani ndi njerwa, lowani. Lendi imene akulipira akazi anu isanduke matumba a simenti. Oseka adzaseka mwezi umodzi, kenako adzapeza wina womuseka.

Mukafuna zonse ziwiri mokwanira, nyumba yothaitha ndi amayi amoyo, mwina mudzataya zonse. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Ikani tsiku, mwanangu, mulitchule pakamwa kwa akazi anu ndi kwa abwana anu, kuti likumangeni.

Wa_Bellville anayankha:

Aphunzitsi, mwalankhula, ndipo za tsikuzo ndavomera. Ine ndikadaonabe kuti Disembala wa chaka chamawa akanakhala bwino kuposa wa chaka chino, koma mwini nkhani ndi amene akudziwa mmene mawu a amayi ake akumvekera.

Achimwene, ngati mwatsimikiza, musapite ndi ma TV ndi masofa. Gulani zida. Makina odulira matailosi abwino, chopukusira, levulo, zosakanizira, ndi madisiki ambiri, poti kumudzi ndi odula. Jambulani ntchito zanu zonse zimene mwagwira kuno, mabafa, makhitchini, masitepe, muzikaonetsa anthu pa foni. Malata mukagule nokha mukafika, musatumize ndalama kuti wina akugulireni, nkhani zake tonse tikuzidziwa. Ndipo musiye kandalama kena kosakhudza, ka miyezi itatu kapena inayi, chifukwa Januwale ndi Febuluwale kumudzi anthu samanga, ndalama zonse zimakhala zili kumunda. Chidindo cha zaka zisanu chija n'chenicheni, mukawoloka mlatho wa Beitbridge musadzati mwina.

Wa_ku_Nsipe anayankha:

Nonse ndakumvani, ndipo Mulungu akudalitseni. Ndinatenga masiku angapo osayankha chifukwa ndimafuna ndiyambe ndalankhula ndi a kunyumba.

Pepala lija ndinalemba, aphunzitsi. Mbali ya zinthu zodikira inadzaza mpaka kuseri. Mbali inayo inali ndi mayina asanu okha, koma ndi imene ndinakhala ndikuiyang'ana.

Tagwirizana chonchi. Ntchito imene tikugwira panopa ku Fourways ikutha kumapeto kwa Okutobala. Ndawauza abwana kuti ikatha imeneyo nditenga tintchito tating'ono ta Novembala basi, ina yaikulu ayi. Anakhumudwa, anandiwonjezera ndalama kuti ndikhale, ndinawathokoza n'kukana. Ndi munthu amene wandisunga bwino, ndipo walonjeza kundigulitsa makina ake akale odulira pamtengo wotsika. Sabata yoyamba ya Disembala ndikukwera basi, kudzera ku Harare, Nyamapanda, Tete mpaka pa Mwanza, kenako Zalewa n'kukhotera kwathu.

Ndalama ya miyezi yatsalayi ndaigawa patatu: denga la malata wamba, fizi ya mtsikana mpaka alembe mayeso, ndi kosunga kamene anena a Bellville. Pulasitala ndidzapaka chipinda cha amayi chokha, matailosi a m'chimbudzi chawo ndidzaika ndi manja angawa. Mayi wothandiza wapezeka, ndi wa mumpingo mwawo, wayamba Lolemba. Mlongo wanga wapita nawo amayi kusikelo ndipo ananena za kugwa kuja, achemwali a ku Leeds. Adokotala asintha kamwedwe ka mankhwala ena ndipo awauza kuti abwerenso pakatha milungu iwiri.

Mkazi wanga nditamutchulira tsikulo sanayankhe, ndinangomva akuitana ana kuti bwerani mudzamve. Mtsikana uja anafunsa ngati ndidzapite nawo ku msonkhano wa makolo kusukulu kwawo, ati anzake amayesa kuti bambo ake anamwalira koma amabisa.

Mantha ndili nawo, sindinama. Sindikudziwa ngati mwezi wa Malichi udzandipeze ndili ndi ntchito, ndipo ndikaganiza za mtengo wa feteleza mutu umandizungulira. A Bellville mwina mudzapezeka kuti munalondola pa za ndalama. Ndikadzavutika ndidzabwera pompano kudzakuuzani, sindidzabisa.

Pakali pano pempho langa ndi ili: amene mukumanga ku Ntcheu, ku Balaka, ku Dedza kapena ku Lilongwe, kapena muli ndi m'bale amene akumanga, ndipo mudzafuna woika matailosi kuyambira Januwale, ndilembereni kumbali ndikutumizireni zithunzi za ntchito zanga. Ndimaika apansi, a m'bafa ndi a m'masitepe, ndipo zida ndibwera nazo zanga.